Mipando ya ku Zomba: Kale Ankayang'ana Khungu, Nanga Lero?

Munthu wochoka pa Songani kupita ku Zomba tauni salongeza kamba. Minibasi ikangonyamuka, nkhani ya mtengo wa feteleza isanathe n'komwe, kondakitala amakhala atayamba kale kufunsa otsika. Wa njinga naye amapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo. Ndiye tangoganizani kuti kwa zaka zoposa 80 malamulo a dziko lino ankapangidwa komweko, m'tsinde mwa phiri lomwe timaliona tsiku ndi tsiku tikamayala tomato ndi matemba pamsika. Za msonkho, za malo, za kalimidwe, zonse zinkakambidwa pamtunda woti mwana wotumidwa akanafikapo wapansi. Koma pa zaka 40 zoyambirira, m'nyumba ya malamuloyo munalibe mpando wa munthu wakuda ngakhale umodzi.

Ana a masiku ano mukawauza zimenezi amayesa nthano. Iwo anabadwa nkhope za aphungu zili kale pa zitenje ndi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu, moti kwa iwo phungu ndi munthu wa kwathu konkuno yemwe mayi ake timawadziwa kumene amatunga madzi. Kalekale sizinali choncho. Bungwe lopanga malamulo la dziko la Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907 ndipo linayamba kukumana ku Zomba mu 1908, bwanamkubwa ali Sir Alfred Sharpe. Munali bwanamkubwayo, akuluakulu a boma ochepa, ndi azungu ena ochepanso omwe ankachita kutchulidwa mayina, osavoteredwa ndi munthu. Eni minda ya fodya ndi tiyi anali ndi pakamwa pawo mmenemo, amalonda nawonso chimodzimodzi. Eni nthaka, omwe ankakhoma msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata, anawauza kuti asadandaule, mmishonale mmodzi aziwayankhulira.

Mmishonale woyamba kupatsidwa ntchito imeneyi sanali mlendo kwa anthu a dera lino. Anali Alexander Hetherwick, m'busa wa ku Scotland yemwe anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, asanakakhale mkulu wa mishoni ya Blantyre. Chiyao ankachidziwa, mpaka analemba buku lophunzitsira chilankhulocho. Tisamunamizire kuti anali wouma mtima. Pa kafukufuku amene boma linachita John Chilembwe ataukira mu 1915, Hetherwick anaikira kumbuyo anthu akuda ophunzira, ndipo anadzudzula azungu omwe ankafuna kuti munthu wakuda aziwavulira chipewa iwo osabweza ulemuwo. Komabe zinali ngati ukwati woti ankhoswe a kuchikazi asankhidwa ndi akuchimuna. Ankhoswewo angakhale abwino mtima chotani, mlandu ukavuta sadzaiwala amene anawapatsa mpando, ndipo mwini ukwati sangawachotse.

Amene anatopa nazo izi anali ana a m'mamishoni momwemo. Tengani K100 m'thumba mwanumo muione nkhope ili pamenepo. Ameneyo ndi James Frederick Sangala, mwana wa konkuno ku Zomba, yemwe pamodzi ndi Levi Mumba ndi anzawo anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Chimodzi mwa zinthu zimene ankalirira chinali chakuti munthu wakuda adziyankhulire yekha m'nyumba ya malamulo. Yankho linabwera mochedwa komanso moumira. Mu 1949, nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, chaka chomwe chija cha njala yaikulu, analowetsamo anthu akuda awiri, Ernest Muwamba ndi Ellerton Mposa, pamodzi ndi mmwenye mmodzi, Pranlal Dayaram. Nawonso sanavoteredwe ndi anthu wamba. Mipando inkagawidwa poyera potengera khungu: yakuti ndi ya azungu, uwu ndi wa amwenye, iyi ndi ya akuda. Akaladi, ana obadwa kwa makolo a mitundu iwiri, ankangoyendayenda ndi makalata a madandaulo osadziwa khomo loti agogode.

Chisankho cha mu 1956 ndiye chinaonetsa masamu a atsamunda bwinobwino. Azungu ndi amwenye onse pamodzi sankafika 20,000 m'dziko muno, koma anapatsidwa mipando 6 yovotera okha pa kaundula wawo, ndipo yonseyo inagwa m'manja mwa azungu. Anthu akuda, omwe anali oposa 2.5 miliyoni, anapatsidwa mipando 5, ndipo kusankhako sikunali kwa aliyense koma kwa makhonsolo a m'zigawo, momwe munadzaza mafumu. Boma linkayembekezera kuti mafumu atumiza anthu ofatsa, ovomera zilizonse. Linalemba m'madzi. Anatuluka ndi Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Ralph Chinyama, N. D. Kwenje ndi Dunstan Chijozi.

Apa m'pamene akuluakulu amakhala tsonga akamakamba zakale. Chipembere anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, wochokera ku sukulu ya ukachenjede ya Fort Hare ku South Africa, ndipo asanalowe ndale anagwirapo ntchito ya boma pa Domasi pompa. Iye ndi Chiume analowa m'nyumba muja ngati anthu amene sakudziwa kuti afunika kuopa. Ankafunsa mafunso motsatizana: chifukwa chiyani malipiro a munthu wakuda ndi a mzungu akusiyana pa ntchito imodzi, chifukwa chiyani alimi akulipitsidwa chindapusa ndi kumangidwa pa nkhani ya mizere, ndani anatifunsa za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Povota ankagonja nthawi zonse, poti akuluakulu a boma ndi azungu osankhidwa aja anali ochuluka. Koma zonse zimene ankayankhula zinkalembedwa m'buku la zokambirana lotchedwa Hansard, ndipo bukulo, lomwe kale linkangodya fumbi m'maofesi, linayamba kugulidwa ngati nyuzipepala. Aphunzitsi ndi makalaliki ankabwerekana, wodziwa Chingerezi n'kumamasulira anzake madzulo pakhonde. Anthu asanuwo analibe galimoto zogawa kapena ndalama zomwaza. Chuma chawo chinali mawu, ndipo mawuwo ankafika kumudzi.

Ku Salisbury, kumene kunali nyumba ya malamulo ya chitaganya kuyambira 1953, nakonso ankawerenga makungu. Mwa aphungu 35, akuda anali 6 okha a maiko onse atatu, ndipo a kuno anali Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano, kuphatikizapo m'busa wachizungu, Andrew Doig, woikidwa kuti aziyang'anira zofuna za anthu akuda. Zotsatira zake tikuzidziwa: kubwera kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda mu Julayi 1958, kumangidwa kwa anthu pa 3 Malichi 1959, ndende ya Gwelo, kenako zokambirana za ku London mu 1960.

Chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 ndicho agogo athu amachitchula kuti choyamba. Nachonso chinali ndi makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi. Pamapepala sanalembe kuti uyu ndi wa azungu, uyu ndi wa akuda. Analemba za ndalama zimene munthu amapeza pachaka, katundu amene ali naye ndi sukulu imene anaphunzira, koma aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Pa kaundula wapamwamba panali anthu osafika 5,000, ambiri mwa iwo azungu ndi amwenye, ndipo anali ndi mipando 8. Pa wapansi panali anthu opitirira 100,000 ndipo anali ndi mipando 20. Otsala onse, makamaka amayi ndi anthu osadziwa kulemba, anangoperekeza anzawo. Ngakhale zinali choncho, pafupifupi aliyense amene analembetsa anakavota. Chipani cha Malawi Congress chinatenga mipando yonse 20 yapansi.

Chimene ambiri aiwala n'chakuti chipani chomwecho chinakalowanso pa kaundula wapamwamba n'kutengako mipando iwiri, wina kudzera mwa Mikeka Mkandawire, wina kudzera mwa Ismail Surtee, mkaladi wa magazi a Chimwenye. Mpando wachitatu unapita kwa Colin Cameron, loya wa ku Scotland yemwe anaima payekha koma Congress ili pambuyo pake. Mavoti a amwenye ambiri anathandiza pamenepo. Chipani cha United Federal Party, chomwe mmodzi mwa atsogoleri ake kuno anali loya wina, Michael Blackwood, chinatsala ndi mipando 5. Cameron anakhala nduna ya za ntchito ndi mtengatenga, mzungu yekhayo wa mbali ya Congress pakati pa nduna za Kamuzu. Ndiye kuti anthu omwe anakhala zaka zambirimbiri akuuzidwa kuti khungu lawo silikuyenera mpando, atangoyandikira mphamvu sanathamangire kubwezera. Anati amene ali nafe pa nkhondo yokana chitaganya ndi wathu, kaya tsitsi lake ndi lotani. Pa zonse za m'nthawi imeneyo, ichi n'chimene ine ndimachisilira kwambiri.

Mtima umenewo sunakhalitse. Pofika chisankho cha 1964 panali mipando 50 ya aliyense ndi itatu yapadera ya azungu, koma palibe amene anaponya voti chifukwa onse analowa opanda wopikisana naye. Mbendera yathu itangokwera pa 6 Julayi, Kamuzu anafuna lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Woyamba kutula pansi udindo pokana zimenezi anali Cameron. Patangopita milungu yochepa nduna zinagawanika, ndipo Chiume, Chipembere, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi, Willie Chokani ndi Rose Chibambo, mayi woyamba kukhala phungu, anapezeka ali kunja. Cameron naye anachoka m'dziko chaka chomwecho, ndipo anadzakumbukiridwa patapita zaka 30, pamene boma la matipate linamusankha kukhala woimira Malawi ku Scotland. Surtee anatsala, n'kukhala sipikala kuyambira 1964 mpaka 1971. Blackwood, yemwe anamenyera nkhondo chitaganya mpaka pomaliza, anakhalabe m'nyumbamo zaka zina ndithu, pa mipando imene pulezidenti ankapatsa azungu owerengeka. Mzungu amene anaima nafe anapita, amene anatitsutsa anatsala. Apa m'pamene timaonera kuti chimene chinkafunika tsopano sichinalinso khungu, koma kudziwa kutseka pakamwa.

M'zaka za chipani chimodzi nyumba ya ku Zomba inadzaza nkhope zakuda, zomwe makolo ankalakalaka, koma mawu anachepa. Phungu ankaimirira kuthokoza Ngwazi, n'kukhala pansi. Khungu nalo silinaiwalike, linangosamukira m'malamulo ena. Lamulo la unzika la 1966 linkati mwana wobadwira kuno akhala nzika pobadwa ngati kholo lake limodzi lili nzika komanso la mtundu wa anthu akuda a mu Africa, ndipo mawu amenewa anadzachotsedwa mu 1992. M'zaka za m'ma 1970 amwenye analamulidwa kutseka masitolo awo a kumidzi n'kusamukira m'mizinda monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe, ndipo pofika 1978 ntchitoyo inali itatha.

Amene anakula nthawi imeneyo isanafike amaikumbukira sitolo ya mmwenye ya pa malo a malonda a kumudzi. Pakhonde pamakhala telala akupalasa makina, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. M'kati mumanunkhira palafini, sopo wa mtanda ndi nsalu zatsopano. Mchere ankayeza pa sikelo ya miyala, ndipo ukagula zambiri ankakuika basela, kaya singano kaya kasiwiti ka mwana. Mwini sitolo ankatsatsa malonda m'Chinyanja chopotoka koma chomveka, kwinaku akulemba ngongole m'kabuku ndi zilembo zakwawo. Sikuti zonse zinali zokoma. Malipiro a antchito anali ochepa, mawu achipongwe analipo, ndipo banja la mwini sitolo linkakhala kuseri kwa mpanda, losadya nawo nsima ya pamaliro. Komabe anthu ankadziwana mayina. Masitolo aja atatsekedwa, ena anatengedwa ndi eni dziko n'kuyenda bwino, ambiri anangosanduka mabwinja. Chinanso chinatayika: mwana wa kumudzi anayamba kukula osamudziwa mmwenye ngati mnansi, koma ngati bwana wa m'tauni wokhala kuseri kwa kauntala. Anthu amene sakumana pachitsime kapena pabwalo la mpira savoterana msanga.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ija ya nyali ndi tambala wakuda, ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinabweretsa dongosolo limene tili nalo lero. Malamulo oyendetsera dziko amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo kapena chipembedzo. Kaundula ndi mmodzi, voti ya mlimi wa mpunga wa ku Domasi ndi yofanana ndi ya mwini fakitale ku Limbe, ndipo palibe mpando wosungidwira mtundu uliwonse. Aphungu anali 177 mu 1994, anafika 193 mu 1999, ndipo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mipando inakwana 229. Ena ankaganiza kuti popanda mipando yapadera, mzungu kapena mmwenye sadzapondamonso m'nyumba ya malamulo, poti onse pamodzi ndi kagulu kochepa zedi pakati pa Amalawi. Ovota anawatsutsa.

Mayina monga Patel, Omar, Mia ndi Gaffar, omwe kale tikanayembekezera kuwawerenga pa zikwangwani za masitolo, anayamba kumveka pa wailesi akutchulidwa kuti olemekezeka. A Rolf Patel anakhala nduna m'boma la a Bakili Muluzi. A Iqbal Omar anaimira dera lina la mumzinda wa Lilongwe. A Sidik Mia a ku Chikwawa anakhala phungu ndi nduna, mpaka kufika pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa Malawi Congress Party, asanatisiye mu Januwale 2021. A Jan Jaap Sonke, obadwira ku Netherlands, anasankhidwa ndi anthu a ku Blantyre Kabula mu 1999, ndipo anataya mpando wa wachiwiri kwa nduna atakana poyera zoti pulezidenti aimenso kachitatu. Mu 2014 anthu a pakati pa mzinda wa Lilongwe anasankha a David Bisnowaty, obadwira ku Israel, pamene a ku Rumphi West anasankha mayi Jacqueline Kouwenhoven, obadwira ku Netherlands, omwe anakhala zaka zambiri akuthandiza odwala kumudzi komweko. Awiri onsewa anaima paokha, popanda chipani chowanyamula. Timati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma anthu a ku Rumphi sanavotere mlendo. Anavotera munthu amene anamuona akugwira nawo ntchito dzuwa ndi mvula.

Kusiyana kwa kale ndi lero kuli apa. Hetherwick anapatsidwa mpando ndi bwanamkubwa kuti ayankhulire anthu amene sanamutume. Mayi a ku Rumphi aja anachita kupempha, mudzi ndi mudzi, ndipo amene anawapatsa mpandowo anali ndi mphamvu yowalandanso pakatha zaka zisanu. Khungu ndi lofanana, koma mwini mpando wasintha. Anansi athu a ku Zambia anafika patali kuposa apa: a Guy Scott anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2011, ndipo a Michael Sata atamwalira mu Okotobala 2014 anagwirizira upulezidenti kwa miyezi itatu. Kwathu kuno, mu 2021 anthu a ku Nkhotakota North East anasankha a Overstone Kondowe, munthu woyamba wachialubino kukhala phungu, m'dziko lomwe anthu achialubino akhala akusakidwa ndi kuphedwa chifukwa cha khungu lawo. Ndipo mu Okotobala 2025 aphungu anasankha a Sameer Suleman kukhala sipikala, pa mpando womwe Surtee anayamba kukhalapo mu 1964.

Tisadzinamize kuti mitima yonse yayera. Phungu wa khungu loyererapo akayankhula zosakomera mbali ina, sipatenga nthawi kuti wina pa Facebook kapena pa WhatsApp alembe kuti abwerere kwawo, ngakhale munthuyo mchombo wake unakwiriridwa konkuno ndipo manda a agogo ake ali ku Limbe. M'maminibasi mumamvekanso kuti amenewa amawina chifukwa cha ndalama basi. Mbali inayo nakonso kuli mlandu. Alipo mabanja amene akhala m'dziko muno mibadwo itatu kapena inayi koma Chichewa chawo n'cholamulira antchito chokha, ndipo ndale amazidziwira kuseri, pothandiza zipani mwakachetechete m'malo moima pagulu kuti anthu awafunse mafunso. Madandaulo a antchito a m'masitolo ndi m'mafakitale ena si opeka. Koma mlandu wa bwana wankhanza ndi wa bwanayo, sitingausenzetse mtundu wonse, monga momwe ife sitilola kuti kuba kwa nduna imodzi kutchedwe khalidwe la Ayao, Alhomwe, Achewa kapena Atumbuka onse.

Ndipotu tikanena zoona, mzere umene umatigawa kwambiri pa chisankho lero si wa mzungu ndi wakuda, koma wa chigawo ndi mtundu. Kuyambira 1994 mapu a zotsatira amaoneka ngati anajambulidwa chisankho chisanachitike: uku kwa chipani chakuti, uko kwa chipani chakuti. Munthu wobadwira ku Karonga amene waphunzitsa ana pa Domasi zaka 20 akafuna kuima kuno, funso loyamba limakhala lakuti kwawo n'kuti. Amayi nawo akadali pambuyo. Dera lino linatulutsa mayi Joyce Banda, mwana wa kwa Malemia, omwe anali phungu wa Zomba Malosa asanakhale pulezidenti mu Epulo 2012, ndipo mu 2019 mayi Catherine Gotani Hara anakhala mayi woyamba kukhala sipikala. Koma amayi, omwe ndi ochuluka pamzere wovota, sanafikepo ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a aphungu onse. Nyumba yachiwiri ya Senate, yomwe malamulo a 1994 anakonza kuti mukhale mafumu, amayi, olumala ndi magulu ena, inafafanizidwa mu 2001 isanakumanepo n'kamodzi komwe.

Palinso mpanda wina umene atsamunda anausiya ndipo ife taupaka laimu. Malamulo athu amati wofuna uphungu akhale nzika, akhale ndi zaka 21, ndiponso azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Ganizirani mayi amene watsogolera gulu la alimi a mpunga zaka zambiri, amene amadziwa mtengo wa thumba la feteleza ndi tsiku limene mankhwala anatha pa chipatala chaching'ono. Ganizirani msodzi wa ku Kachulu amene anaiona nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018, ndipo amadziwa chimene chimachitikira mabanja matemba akasowa. Anthu otere akhoza kuimitsa msonkhano wa anthu chikwi m'Chiyao kapena m'Chichewa, koma pa khomo la Nyumba ya Malamulo sangadutse. Kamuzu ankatiyankhula m'Chingerezi, John Msonthi kapena John Tembo n'kumamasulira, ndipo mpaka lero zokambirana za aphungu athu timazimva kudzera mwa otiuza mwachidule pa wailesi. Nyumbayo nayo inatalikira. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka nthawi ya matipate, kenako anapita ku New State House, ndipo mu 2010 analowa m'nyumba yatsopano imene anamanga a ku China. Kuchoka pa Songani kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 250, ndipo ndalama ya basi yokha ikhoza kudyetsa banja masiku angapo.

Tsiku la kampeni masiku ano limayamba ndi lole yodzaza achinyamata ndi zimkuzamawu. Amayi amafika atavala zitenje za nkhope ya munthu, ena atapinda china cha chipani china m'chikwama, kudikira msonkhano wa mawa. Akabaza amapatsidwa ya mafuta kuti aziimba mabelu ndi mahutala. Wopikisana amafika mochedwa, n'kugwada pamaso pa mafumu, envelopu n'kudutsa mwaulemu. Akayamba kuyankhula amalonjeza mlatho, mjigo, ambulansi ndi mabokosi a maliro. Za malamulo amene akapange, zomwe ndiye ntchito yeniyeni ya phungu, sizitchulidwa, ndipo palibe amafunsa. Dzuwa likapendeka anthu amaima pamzere kulandira kangachepe, ngakhale lamulo la zipani la 2018 limaletsa zogawagawazi. Pa mpikisano wotere amene amatsala si mzungu kapena mmwenye, koma wosauka wa khungu lililonse. Kaundula wapamwamba uja anathetsedwa pamapepala, koma ndalama zolembetsera, za mafuta ndi za zitenje zikugwira ntchito yomwe ija yosefa anthu.

Ndiye tikamati kale kunali bwino, tizisankha bwino chimene tikulira. Palibe wanzeru amene angalakelake masiku ovula chipewa pamsewu, kapena masiku oti anthu 5,000 akhale ndi mipando 8. Chimene chili choyenera kuchilira ndi njala ya mawu imene anthu anali nayo mu 1956, pamene mlimi ankafuna kudziwa chimene phungu wanena, osati chimene wabweretsa. N'choyeneranso kulira mtima wa mu 1961, woyeza munthu poona mbali imene waima pa nkhani yovuta. Cameron ndi Sonke anasiyana zaka pafupifupi 40, koma onse anataya mipando pokana kuti munthu mmodzi akhale pamwamba pa lamulo, pamene aphungu ambiri a khungu lathu lomweli anawomba m'manja. Chipembere ndi Chiume nawo sitiwakumbukira chifukwa chakuti anali akuda basi, poti akuda analowamo kale mu 1949. Timawakumbukira chifukwa anafunsa zimene anthu kumudzi ankafuna kufunsa.

Ntchito imene Sangala ndi anzake anaiyamba yatha theka lokha. Nkhope za m'nyumba muja tsopano zikufanana ndi zathu, ndipo pakati pake pali zina zosiyanako zimene tinazisankha tokha mwa kufuna kwathu. Chatsala n'chakuti pakamwa pawo pazituluka nkhani zathu m'chilankhulo chimene tingamve. Maiko ena a mu Africa muno anayamba kale: ku Tanzania aphungu amakambirana m'Chiswahili, ku South Africa phungu amayankhula chilankhulo chake omasulira ali pomwepo. Ifenso tikhoza kusintha ndime ya Chingerezi ija, kulemba ntchito omasulira, ndi kukhwimitsa lamulo loletsa kugula mavoti. Amene angasinthe zimenezi ndi aphungu omwewo, ndipo sadzazichita pokhapokha ovota atazifuna. Choncho akadzabweranso mu 2030, kaya ndi Phiri, kaya ndi Patel, kaya ndi mayi wa kwa Kuntumanji, tisanalandire chitenje tidzamufunse kuti pa zaka zisanu zapitazi anayankhulapo chiyani za mpunga, za nyanja ndi za mankhwala, ndiponso kuti akadzalowa adzavotera mbali iti pa nkhani ya chilankhulo.